Shafiti Yolimba Si Umboni wa Mphamvu

Ambili a ife tinayamba gofu na ndodo zakale, zogula kwa anzathu kapena zimene abwana anasiyila caddie wawo pa Lusaka Golf Club olo ku Nchanga. Sitinafunse kuti shafiti inapangidwila ndani. Tikaonapo S olo X, timanyadila.

Apa ndiye polakwika. Mashafiti amalembedwa L, A, R, S na X, kucoka pa yofewa kufika pa yolimba kwambili. Shafiti ikalimba kuposa liwilo limene timamenyela, mpila umauluka munsi, ndipo kwa oseŵenzetsa dzanja lamanja umakonda kuthaŵila kumanja. Ikafewetsa, mpila umakwela n'kukhotela kumanzele. Ife timaimba mlandu manja athu, ena mpaka kuleka kuseŵela.

Komanso tisathamangile kudula. Kudula kunsonga yoloŵa m'mutu kumalimbitsa shafiti. Kudula kogwilila kumapangitsa mutu kumveka wopepuka. Cimene tadula sicibwelela.

Tikalibe kutaya ndalama, tipemphe mphunzitsi wa pa kilabu aone kamenyedwe kathu. Acikulile na acicepele ambili amapindula na graphite, cifukwa ni yopepuka kuposa citsulo. Kuseŵela na R si camanyazi. Pa khadi timalemba masikoo cabe, osati cilembo ca pa shafiti.