Ngati Mwatiuza Kuti Tisankhe, Musatseke Khomo la Chiyembekezo



Sabata ino tikambe nkhani imene ena aiona ngati yachibwana. Tikunena za magemu a pakompyuta, makamaka aja okhala ndi nthano yaitali, momwe wosewera amalowa m'malo mwa mwininthano n'kumamusankhira zoyankhula ndi zochita. Pali anthu amene amati gemu ya anthu okhwima maganizo iyenera kuthera m'misozi, ndipo mathero abwino ndi phala la makanda. Ife tikukana. Gemu imene yauza wosewera kuti asankhe ili ndi ngongole ziwiri kwa iye. Yoyamba, kusankhako kukhale ndi zotsatira zenizeni. Yachiwiri, pa njira zonse zimene zilipo pakhale imodzi, ngakhale yopapatiza ndi yaminga, yofikitsa ku mathero abwino.

Tiyambe ndi ngongole yoyamba. M'chaka cha 2012 kampani ya BioWare ya ku Canada idatulutsa Mass Effect 3, gawo lomaliza la nthano imene idayamba mu 2007. Kwa zaka zisanu osewera adayenda ndi msilikali wotchedwa Shepard, akusankha woti amupulumutse, woti amukhululukire ndi mtundu woti apangane nawo ubale. Zimene adasankha m'gawo loyamba zinkawatsatira mpaka m'gawo lachitatu. Koma atafika kumapeto adapeza njira zitatu zimene zithunzi zake zinali pafupifupi zofanana, kusiyana kwake kooneka kunali mtundu wa kuwala: kofiira, kobiriwira kapena kwa buluu. Osewera ena okhumudwa adatumiza ku kampaniyo timakeke toposa 400 ta mitundu itatu yomweyo, koma tonse tokoma mofanana. Uthenga udamveka, moti mu June chaka chomwecho kampaniyo idatulutsa mwaulere mathero owonjezera. Anthuwo sadalire chifukwa nthano idathera pachisoni ayi. Adalira chifukwa adanamizidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano yerekezani ndi The Witcher 3, gemu ya kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland, ya m'chaka cha 2015. Tichenjezeretu kuti iyi ndi ya akuluakulu ndipo muli zina zosayenera ana. Koma m'menemo muli phunziro. Geralt akufunafuna Ciri, mtsikana amene adamulera ngati mwana wake, ndipo kuti Ciri adzabwerako wamoyo kapena ayi sikudalira mphamvu ya lupanga. Kukudalira tinthu tating'ono. Mtsikanayo ali pachisoni, kodi udamusangalatsa posewera naye kapena udangomupatsa mowa? Atapempha kuti akaone manda a mnzake, kodi udamuperekeza? Atafunika kukadziyankhulira yekha pamaso pa anthu amphamvu, kodi udamukhulupirira? Wosewera sauzidwa kuti pamenepa ndi pa mayeso. Amadzazindikira kumapeto kuti mathero adawaumba yekha tsiku ndi tsiku. Kodi si momwenso moyo wa mkhristu umayendera? M'mutu 25 wa Mateyo, pa chiweruzo, olungama akudabwa kumva kuti chakudya chimene adapatsa wanjala ndi ulendo umene adayenda kukazonda wodwala n'zimene zidawerengedwa.

Ena atiyankha kuti mlembi ali ndi ufulu womaliza nthano yake momwe afunira, ndipo atchula The Last of Us ya mu 2013. M'menemo Joel akupha anthu m'chipatala kuti apulumutse Ellie, kenaka akumunamiza, ndipo wosewera alibe mpata wokana. Tikuvomera kuti gemu imeneyi ndi yamphamvu ndipo sidanamize aliyense, pakuti sidalonjeze kuti tidzasankha. Ili ngati buku limene timawerenga mpaka tsamba lomaliza. Mlandu wathu uli ndi amene amatipatsa khasu, natiuza kuti tilime, pomwe adakonzeratu kuti m'mundamo simudzamera kanthu.

Pa ngongole yachiwiri ndi pamene tikulimbikira kwambiri. Kodi ndani adalamula kuti chisoni ndiye choonadi, ndipo chimwemwe ndi bodza? Ife amene timagwada pa Lachisanu Loyera sitingaphunzitsidwe za mavuto ngati kuti sitikuwadziwa. Pakati pa tchalitchi lathu pali mtanda. Koma nthano yathu sithera pa Gologota. Mlembi wachikatolika J.R.R. Tolkien, polemba za nthano zakale, adaphunzitsa kuti nthano yabwino ili ndi kutembenuka kwadzidzidzi, pamene zonse zaoneka ngati zatayika kenaka chipulumutso n'kutulukira. Iye ankaona kuti kutembenuka kotere sikukana kuti kulephera kulipo, ndipo kuti chitsanzo chake chachikulu ndi kuuka kwa Ambuye. Choncho mathero abwino si kuthawa choonadi. Amene amanena kuti mdima wokha ndiwo woona wangonena theka la nkhani.

Tisamvane molakwa. Sitikupempha mathero otsika mtengo, oti munthu aphe, abe, anamize, kenaka kumapeto amuveke nkhata yamaluwa. Walira mvula walira matope: wofuna ufulu wosankha alandirenso zipatso za kusankha kwake. Ndiponso mathero abwino si kuti aliyense apulumuke osakandika. Karoli Lwanga ndi anzake adatenthedwa ku Namugongo mu 1886, komabe palibe mkatolika amene amati nkhani yawo idatha moipa. Chimene tikufuna n'chakuti ubwino ukhale ndi mphamvu m'nthano. Gemu ya Undertale, imene Toby Fox adatulutsa mu 2015, idaonetsa kuti zimenezi n'zotheka. Munthu angathe kuimaliza osapha ndi mmodzi yemwe, pochitira chifundo adani ake. Njira imeneyi imafuna kuleza mtima, koma ndiyo yofikitsa ku mathero okoma koposa.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza chifukwa chimene munthu amachita mobwerezabwereza chimamuumba. Mnyamata amene wathera maola makumimakumi akuphunzira kuti kaya uchite zabwino kaya zoipa mathero ndi amodzimodzi, akumwa pang'onopang'ono chiphunzitso chimene timachimva kale pakati pathu: "zidalembedwa kale," "ine ndiye ndidatha." Mawu amenewa ndiwo amasiyitsa ena sukulu, amagwetsera ena m'mowa, ndipo amatsekereza ambiri kupita ku sakramenti la kulapa. Eklezia saphunzitsa choncho. M'mutu 30 wa Deuteronomo Mulungu akuika moyo ndi imfa pamaso pa anthu ake, nawalangiza kuti asankhe moyo. Sakadatero kukadakhala kuti njira zonse zikuthera pamodzi. Petulo ndi Yudasi onse adachimwira Ambuye usiku umodzi, koma mathero awo adasiyana. Ndipo m'mutu 23 wa Luka, chigawenga chopachikidwa pambali pa Yezu chidapeza khomo lili lotsekula pa ola lomaliza.

Sitikuti mutaye magemu. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene adamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV adamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025, ankawakonda, koma adadziikira malire a nthawi yosewera. Nafenso tisewere ndi maso otsekula. Tikamaliza gemu tidzifunse kuti yatiphunzitsa chiyani za ufulu wathu ndi za mphamvu ya chifundo. Tikaipeza kuti yatinamiza, tinene poyera, ndipo ndalama zathu tisazipereke kwa ogulitsa kutaya mtima.

Pomaliza tikumbukire kuti m'gemu ukalakwitsa umabwerera pamene udasungira n'kuyambiranso ngati palibe chidachitika. M'moyo mulibe batani lotero. Mawu amene tanyozera mayi athu atuluka basi. Koma tili ndi china choposa batanilo: wansembe akudikira m'kachipinda kolapira, ndipo Atate a mwana wolowerera akadayang'anabe kumsewu. Sabata ino tisankhe kupitako.

Ambuye atidalitse tonse.