Piritsi la agogo si mchere woti muzisinja

Sabata yatha tili mkati mwa phunziro la diffusion ndi a Fomu 3, mtsikana wina wa ku Chibavi anakweza dzanja. Anati agogo ake amavutika kumeza mapiritsi a BP, ndiye iye amawaphwanya pakati pa masupuni awiri n'kuthira ufawo m'phala. "Komatu akangomwa amadandaula chizungulire, nkhope kutentha, mtima kugunda ngati athamanga," anatero. Ndinamupempha kuti akakopere zomwe zalembedwa pa paketi ya mankhwalawo. M'mawa mwake anabwera ndi kapepala: nifedipine 20 mg, kenako zilembo ziwiri, SR.

Ine si dokotala, ndine mphunzitsi wa fizikisi, choncho ndinamuuza kuti aperekeze agogowo kuchipatala akafotokoze zonse. Koma chimene chimachitika pa supuni paja ndi fizikisi yeniyeni, ndipo ndikuona kuti inu ana a sekondale ndi amene muyenera kuidziwa, poti kunyumba ndinu amene mumawerengera akuluakulu zolembedwa m'Chingerezi.

Mamiligalamu 20 ndi kanthu kochepa zedi: mugawe galamu imodzi pa 50, mutengepo gawo limodzi. Piritsilo limalemera kuposa pamenepo kangapo. Nanga zotsalazo n'chiyani? Akatswiri amazitcha excipients. Muli zinthu monga sitachi wa chimanga, lactose yemwe ndi shuga wa mumkaka, cellulose wochokera ku mitengo, ndi magnesium stearate yemwe amathandiza kuti ufa usamakanirire m'makina. Anthu ambiri akamva zimenezi amati, "Oo, ndiye amangotidzazira ufa eti?" Apa ndi pomwe ndikutsutsa. M'mapiritsi ena ufa umenewo ndiye wotchi ya mankhwala.

Ponyani Panado m'tambula ya madzi. Pakangotha mphindi zochepa wanyenyeka, chifukwa muli zinthu zomwe zimamwa madzi n'kufufuma mpaka piritsi kuphulika. Anachita dala, poti wodwala mutu safuna kudikira. Koma BP si mutu. Imafuna mankhwala ochepa ochepa m'magazi usana ndi usiku. Ndiye m'mapiritsi ambiri olembedwa SR, ER, XR, XL, MR kapena Retard amasakanizamo zinthu zochita zosiyana ndi zija. Chodziwika kwambiri ndi hypromellose, chopangidwa kuchokera ku cellulose. Chikakhudza madzi a m'mimba sichiphulika ayi, chimapanga chikuto chonanda ngati therere kuzungulira piritsi lonse. Mankhwala kuti atuluke ayenera kudutsa m'thereremo pang'onopang'ono, kuchoka pomwe achuluka kupita pomwe achepa. Diffusion yomwe ija ya m'kalasi, ija tinaonera ndi kambewu ka potassium permanganate m'bika.

Apa pali masamu okoma. Mankhwala a kunja akatha, a mkati amakhala ndi ulendo wautali, ndiye liwiro limanka litsika. Takeru Higuchi, wasayansi wa ku University of Wisconsin ku America, anaonetsa mu 1963 kuti m'piritsi lomwe mankhwala amwazikana mkati mwa chinthu cholimba, kuchuluka kwa otuluka kumayenda ndi square root ya nthawi. Ngati mu ola limodzi mwatuluka magawo 10, m'maola 4 mutuluka 20, m'maola 9 mutuluka 30. Osati 90. Ana a Fomu 2, mwaona komwe ma square root anu amakagwira ntchito?

Pali mtundu wina umene ine umandisangalatsa koposa. Kampani ya ALZA ya ku California inapanga piritsi lokhala ngati pampu. Kunja kuli chikhungwa cholola madzi okha kulowa, mkati muli gawo lofufuma, ndipo pamwamba pali kabowo kobooledwa ndi laser. Madzi akamalowa mwa osmosis, gawo lija limakankha mankhwala kutulukira pa kabowo tsiku lonse. Nifedipine wa mtundu umenewu anayamba kugulitsidwa ku America mu 1989. Chikhungwacho sichigayika, chimakatuluka kuchimbudzi chili chamtunthu, moti ena akachiona amaganiza kuti mankhwala sanagwire ntchito, pomwe mkati mwatsala mopanda kanthu.

Tsopano bwererani ku masupuni aja. Tengani kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse. Nkhope zake 6 zikupereka masikweya sentimita 6. Mukaduladula kukhala timabokosi ta milimita imodzi, mupeza timabokosi 1,000, ndipo malo okhudzana ndi madzi afika masikweya sentimita 60. Kulemera n'komweko, koma malo achuluka ka 10. Supuni imasinja kuposa apo. Chikuto cha therere chija sichipangikanso bwino, pampu ija yaphwasuka, ndipo mankhwala omwe anayenera kuyenda maola ambiri amalowa m'magazi pa kanthawi kochepa. Kwa nifedipine ndiye kuti mitsempha ya magazi imatseguka mwadzidzidzi, BP imagwa, mtima umathamanga pofuna kubweza. Kwa munthu wokalamba zimenezi zitha kumugwetsa pansi, ngakhale kuika moyo pachiswe. Ndiye pofika madzulo mankhwala achepa m'thupi, BP yakweranso, ndipo agogo sakudziwa.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, kulankhula n'kosavuta, nanga agogo sakutha kumeza tiwatani?" Ndikuvomera, vutolo ndi lenileni. Enanso amadula piritsi pakati kuti mankhwala afike kumapeto a mwezi, poti ya transipoti yopitira kuchipatala sipezeka. Sindiwaseka. Koma yankho silili pa supuni. Alipo mankhwala ena a BP, monga amlodipine, omwe amakhalitsa m'thupi mwa chibadwa chawo osadalira chikuto. Alipo mapiritsi ena otuluka pang'onopang'ono omwe ali ndi mzere pakati ndipo amaloledwa kudulidwa, koma osati kusinjidwa. Woti asankhe ndi dokotala kapena wa ku famase, ndipo sangasankhe ngati simunamuuze kuti agogo akulephera kumeza. Mukangokhala chete, iye aganiza kuti zonse zili bwino.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti nthawi zambiri munthu amalandira mapiritsi m'kajumbo kolembedwa dzina lovuta ndi "1 x 2", basi. Mzere pa windo umakhala wautali, wopereka mankhwala watopa, ndikumvetsa. Komabe mawu oti "Musaphwanye, musatafune" ndi awiri okha. Ndikanakonda bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno, litalimbikitsa kuti mawu amenewa azidindidwa pa timajumboti m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Metformin wa odwala shuga naye ali ndi mtundu wa XR. Diclofenac wambiri ali ndi chikuto chomwe chimapirira asidi wa m'mimba n'kukasungunukira m'matumbo, ndiye kumutafuna n'kuwononga chitetezo chimenecho. Si agogo a ku Chibavi okha amene nkhaniyi ikuwakhudza.

Pomwe tikudikira chidindo, ntchito ya kunyumba nayi. Gulani maswiti olimba awiri ofanana pa okala. Limodzi musinje, linalo musiye. Ponyani m'matambula awiri a madzi ofanana, musatakase, muwerenge mphindi mpaka asungunuke. Mubwerezenso ndi madzi ofunda, kenako ndi madzi aja ozizira a m'mawa wa Mzuzu, mulembe manambala onse m'kope. Osayesera ndi mankhwala a munthu, chonde. Mukatha, mupemphe aliyense womwa mapiritsi pakhomo panu akuonetseni paketi, muone ngati pali SR, ER, XR, XL, MR kapena Retard. Lolemba mubwere ndi zonse ziwiri, manambala ndi zilembo.