Kodi Galimoto Yamagetsi Isunga Mtengo Wake?

Kwa mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma, galimoto ili ngati ng'ombe ya m'khola. Imtumikira masiku onse, ndipo tsiku la mavuto likafika, pamene fizi ya mwana yafunika kapena nyumba yokapumiramo yaima pa mawindo, mwini wake aigulitsa napeza ndalama. Chifukwa cha ichi, munthu wanzeru pogula galimoto aganiziratu za mtengo umene adzaigulitse nawo zitapita zaka zinayi kapena zisanu. Tsono popeza magalimoto oyendera magetsi ali kupezeka pakati pa magalimoto ogwirapo kale ntchito amene amalonda a ku Japan atumiza kudzera pa doko la Dar es Salaam, nkoyenera kufunsa ngati ng'ombe yatsopanoyi idzakhala ndi malonda pa tsiku loigulitsa.

Zimene zaoneka m'maiko kumene magalimotowa adafika kale zisonyeza kuti mtengo wake utsika msanga kuposa wa galimoto ya petulo, makamaka m'zaka zoyambirira. Zifukwa zake zilipo zitatu, ndipo wofuna kugula ayenera kuzimvetsa bwino.

BATIRE NDIWO MTIMA WAKE

Chifukwa choyamba ndi batire. M'galimoto yamagetsi mulibe chiwalo china cha mtengo wapatali choposa ichi, ndipo batire likalamba pang'onopang'ono ngakhale mwini wake alisamale chotani. Chitsanzo chodziwika ndi Nissan Leaf, imene idayamba kugulitsidwa ku Japan ndi ku America mu December chaka cha 2010. Batire lake linali la mlingo wa 24 kWh, ndipo akuluakulu a Boma la America adaliyesa napeza kuti lifikitsa galimoto makilomita 117 lisanafune kutchajidwanso. Batirelo lidalibe madzi oliziziritsa, kotero kuti m'chaka cha 2012 eni magalimoto a ku Arizona, dera lotentha kwambiri, adayamba kudandaula kuti mphamvu yake ili kutha mofulumira. Kampani ya Nissan idachita kupereka lonjezo latsopano lokonza batire lililonse limene lafooka kwambiri zisanathe zaka 5 kapena mamailosi 60,000. Mbiri yotere ikamveka pamsika, wogula aliyense ayamba kunenerera.

Chifukwa chachiwiri nchakuti magalimoto atsopano ali kupambana akale chaka ndi chaka, pamene mtengo wake uli kutsika. M'chaka cha 2010 batire linali kugulidwa madola oposa 1,000 pa kWh imodzi. Pofika 2024 mtengowo udatsika kufika pa madola 115. Leaf yomwe ija idatuluka ndi batire la 40 kWh cha mu 2018, ndipo chaka chotsatira idatulukanso ina ya 62 kWh. Nanga ndani angalipe ndalama zambiri pa yakale pamene yatsopano iyenda mtunda wowirikiza?

Amene adalumwa kwambiri ndi zimenezi ndi kampani yobwereketsa magalimoto ya Hertz. Mu October 2021 idalengeza kuti igula magalimoto 100,000 a Tesla. Koma mu January 2023 Tesla idatsitsa mitengo ya magalimoto ake atsopano ku America, ndipo mtundu wina wa Model Y udachoka pa madola 65,990 kufika pa 52,990. Tsiku lomwelo galimoto iliyonse ya mtunduwo imene inali kale pamsewu idachepa mtengo, ngakhale imene idalibe chilema ndi chimodzi chomwe. Mu January 2024 Hertz idanena kuti igulitsa magalimoto ake amagetsi 20,000, niitchula kutsika kwa mtengo ndi kudula kwa ntchito yokonza ngati zifukwa zake.

Chifukwa chachitatu ndi thandizo limene maboma ena adapereka kwa ogula. Boma la Britain lidayamba mu 2011 kuchotsera wogula galimoto yatsopano yamagetsi ndalama zofika mapaundi 5,000, ndipo thandizo limenelo lidapita lichepa kufikira lidatha mu 2022. Ku America wogula anali kuchotseredwa msonkho wofika madola 7,500 mpaka kumapeto kwa September 2025. Wogula galimoto yakale adziwa kuti mwini woyamba sadalipe mtengo wonse wolembedwa, choncho awerengera kuchokera pa mtengo wochotseredwawo. Apa mpofunika chilungamo: mbali ina ya kutsika kumene anthu akunena ndi ya pa pepala chabe, pakuti ndalamazo sizidatuluke m'thumba la mwini woyamba.

MWAYI WA WOGULA WACHIWIRI

Tsoka la wogula woyamba likhala mwayi wa wogula wachiwiri, ndipo anthu ambiri a m'dziko muno ali m'gulu lachiwirilo. Galimoto imene yataya kale mbali yaikulu ya mtengo wake ku Japan ifika kuno yotsika mtengo. Siifuna oilo wa injini, ilibe mapulagi ngakhale kilatchi, ndipo mwini wake sagona pa mzere wa petulo monga adachitira anthu ambiri m'chaka cha 2022 ndi cha 2024. Ndiponso mabatire ambiri a zaka zino ali ndi madzi owaziziritsa, nakhalitsa kuposa a Leaf yoyamba ija. Makampani ambiri apereka lonjezo la zaka 8 kapena makilomita 160,000.

Komabe mtengo wa chinthu uli m'manja mwa amene afuna kuchigula. Toyota Corolla isunga mtengo wake kuno chifukwa makaniko wa pa Jenda kapena pa Balaka aidziwa bwino, zipangizo zake zipezeka pa msika uliwonse waukulu, ndipo ogula sasowa. Galimoto yamagetsi siinafike pamenepo. Ulendo wa ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre upitirira makilomita 300, mtunda umene Leaf yoyamba siikadatha ngakhale theka lake ili yatsopano. Kutentha kwa ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga kukumbutsa madandaulo a ku Arizona aja. Magetsi nawonso ali ndi masiku ake oipa: mu January 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo mphamvu yokwana pafupifupi 130 MW idasowa kwa nthawi yoposa chaka. Wogula wachitatu adzakumbukira zonsezi pa tsiku lokambirana mtengo. Adzakumbukiranso kuti pa galimoto ya zaka 10 lonjezo la kampani lidatha kale.

CHOYENERA KUYANG'ANA

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti wonyezimira ndi makilomita ochepa sizinena kanthu za moyo wa batire. Pa Leaf pali timizere 12 tosonyeza mphamvu imene batire litha kusunga, ndipo kamzere koyamba kazima pamene magawo 15 pa 100 a mphamvuyo apita. Wogula ayenera kupempha chithunzi cha timizereti, ndiponso muyeso weniweni wa batire, asanatumize ndi tambala imodzi yomwe. Maiko a European Union adaona kufunika kwa ichi, nakhazikitsa lamulo mu 2023 lakuti kuyambira February 2027 batire la galimoto yatsopano iliyonse yamagetsi likhale ndi chiphaso chake chosonyeza mbiri yake. Amalonda a kuno akadachita bwino kupereka umboni wotere mwaufulu, pakuti msika wopanda umboni utsitsa mtengo wa galimoto yabwino pamodzi ndi yoipa.

Mutu wa nkhani ndi uwu. Kalaliki wokhala ku Area 25 amene ali ndi magetsi panyumba, nayenda ulendo wa ku Capital Hill m'mawa ndi madzulo, angathe kupindula ndi galimoto yamagetsi ya batire lamoyo, malinga aigule ndi mtima woiyendetsa kufikira itakalamba, nawerengera phindu lake pa ndalama za petulo zimene zitsala m'thumba mwezi ndi mwezi. Koma mphunzitsi wa kusukulu yakutali, amene ayembekeza kudzagulitsa galimoto yake kuti amalize nyumba, ayambe wadikira kufikira amakaniko, malo otchajira ndi ogula atachuluka. Ndalama za munthu wolandira pakutha pa mwezi sizibwera kawiri, ndipo safunsa adadya phula.