Mayi wa matimati si phiri ayi

Abale anzanga a pamsika, ndabwerako. Amene mumafunsana kuti mnyamata wa kamera uja wasowera kuti, ena mpaka kumati wathawa ngongole ya tchipisi, dziwani kuti ndidali ku Comoros, pa chilumba cha Ngazidja chomwe Afalansa amachitcha Grande Comore. Chili m'nyanja ya mchere pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Anzathuwa amakondwerera ufulu wawo pa 6 Julaye ngati ife tomwe, kungoti ife ndi 1964, iwo ndi 1975.

Chilumba chonsecho ndi ntchito ya moto. Phiri lake lalikulu, Karthala, ndi lotalika mamita 2,361. Kwa Sapitwa wathu wa mamita 3,002 ndi mwana, koma musalidelere. Mulanje ngofatsa, pomwe ili ndi lamoyo, limaphulika. Mu 1977 chiphalaphala cha moto chidatsika n'kumeza nyumba m'mudzi wa Singani. Mu 2005 lidalavula phulusa kawiri chaka chimodzi, anthu n'kuthawa m'makomo.

Kwa munthu wojambula, malo amenewa ndi phwando. Miyala yake ndi yakuda bii ngati makala a ku Zalewa, nyanja ndi yobiriwira, ndipo ku Chomoni mchenga ndi woyera mbee, milambe ili chiimire m'mbali. Mumzinda wa Moroni muli mzikiti wakale woyera pafupi ndi doko, mabwato ali yandayanda kutsogolo kwake. Koma phirilo ndi lamanyazi. Ukafuna kuliona bwino dzuka mbandakucha, chifukwa dzuwa likangokwera limavala mitambo ngati duku, osavulanso. Miyala yakudayo nayo imapusitsa kamera: ukaloza pamwala, thambo limatuluka loyera ngati pepala. Ndidaononga zithunzi zambirimbiri ndisanadziwe kuti uyenera kuyeza kuwala pathambo, mwalawo uziusiya ude momwe Chauta adaudetsera.

Tsono nkhani yanga yeniyeni idachitikira pamsika waukulu wa Volo Volo mu Moroni momwemo. Msika ndi msika basi, abale. Phokoso lomweli, fungo la nsomba lomweli, kunenerera komweku. Tsiku limenelo ndidalawirira, phiri lili pambalambanda kuseri kwa madenga. Kutsogolo kwanga kudakhala mayi wina wa matimati, nsalu yake yofiira, kumaso atadzola msindzano, phala lachikasu lomwe amayi a kumeneko amapera kuchokera ku mtengo wonunkhira. Mumtima ndidati eya, chithunzi cha pakalendala ndi chimenechi. Moni sindidapereke. Ndidangoti tcha!

Mayi aja adandikodola. Mwayi wake chiyankhulo chawo n'chapachibale ndi Chiswahili, ndipo ambiri a geni kumeneko amakaoda katundu ku Dar es Salaam ngati inu nomwe, ndiye tidamvana ndi Chiswahili changa chothyokathyoka cha pa Songwe.

"Mwana wanga, wajambula chiyani?"

"Phiri, mayi."

"Phiri limenelo lidayamba liti kuvala nsalu ndi kugulitsa matimati?"

Msika wonse kuseka. Ine thukuta kamukamu. Safunsa adadya phula, akulu adanena. Adandilamula kuti ndiwaonetse chithunzicho, n'kundiuza kuti ndichifufute iwo akuona. Ndidafufuta, manja akunjenjemera.

Ndimati nditembenuke ndizipita, koma adandiloza kampando. Ndidagula mulu wa matimati womwe ndidalibe nawo mphika, tidacheza. Adandifunsa kuti pachilumba chawo ndaonapo chiyani. Ndidati kukongola, kubiriwira, mvula yosasowa. Adapukusa mutu n'kundionetsa zigubu ziwiri zachikasu pansi pa benchi. Zigubu zimenezi ndidali nditaziona kale, koma pojambula ndidapendeketsa kamera dala kuti zisalowe, ati zikuipitsa chithunzi.

Apa mpomwe ndidaphunzira zomwe maso anga adalephera kuona sabata yathunthu. Pachilumba chobiriwira chonchija palibe mtsinje woyenda chaka chonse. Mwala wa chiphalaphala uli ndi timabowo ngati siponji, mvula ikagwa madzi amangolowa pansi. Midzi yambiri imadalira mathanki a simenti otungira madzi a mvula. Phulusa la 2005 lija lidagwera m'mathanki momwemo, anthu n'kusowa madzi akumwa. Phiri lomwe ine ndimalidzukira usiku kuti ndilijambule, kwa mayi aja ndi mnansi woopsa amene amawamwetsa komanso kuwamana.

Ndidachita manyazi kawiri. Koyamba chifukwa chojambula munthu wamkulu ngati ndikujambula mlambe. Kachiwiri chifukwa ine ndemwe ndakhala ndikulalata pa tsamba lino za alendo amene amatsika galimoto pa Lizulu kapena pa Jenda, n'kukutcherani kamera osapereka moni, osagula ngakhale anyezi mmodzi. Timadandaula kuti nkhope zathu zikathera m'mabuku opemphera chithandizo ife osalawako kanthu. Ndangowoloka nyanja pang'ono, mzungu uja ndasanduka ine. Eti kamera ili ndi ufiti wake, ukaigwira anthu onse amasanduka maluwa.

Ndipotu masiku ano vuto si alendo okha. Aliyense ali ndi kamera m'thumba. Mayi wadzuka 3 koloko m'mawa kukapikula ndiwo, masana tulo tamuba pabenchi, kamnyamata kena kamujambula kukamwa kuli yasa, madzulo ali pa Facebook ndi WhatsApp dziko lonse likuseka. Ana ake kusukulu ayenda bwanji? Amene wajambulayo saona zigubu zili pansi pa benchi.

Tsono ndikuti, inu a malonda, nkhope ndi katundu wanu ngati matimati omwewo. Wina akakutcherani foni kapena kamera, mufunseni kuti ndi ndani, chithunzicho chikupita kuti, akachita nacho chiyani. Mukakhutira, lolani. Mukapanda kukhutira, kanani, ndipo musaope kuti muoneka achimidzi. Mayi a ku Volo Volo aja sadaope, ndipo ine ndidawapatsa ulemu woposa womwe ndidabwera nawo.

Potsanzikana ndidapempha bwinobwino, zipewa zili m'manja. Adavomera, koma mwa malamulo awo. Adakonza nsalu, adaunjika matimati mwaluso, adakoka zigubu zija n'kuziika kutsogolo penipeni. Pomwe timamaliza zonsezi n'kuti Karthala atavala kale duku lake, moti m'chithunzimo phiri mulibe. Mwa zithunzi zonse zomwe ndabwera nazo, chimenechi chokha ndicho ndatsukitsa n'kupachika kunyumba.

Loweruka ndikubwera pamsika ndi kamera yanga. Ndiyamba ndi moni. A tchipisi, konzani kabuku kanu kaja, tidzawerengerane.