Tileke Kukopela Khodi Monga Manotsi a Kusukulu

Tikambe cilungamo, ise amene timapanga mawebusaiti na Django. Ambili a ise tikali na cizolowezi ca kusukulu cokopela manotsi a mnzathu, pamodzi na zolakwa zake.

Onani zimene zinaticitikila pa wailesi yathu ya m'komboni. Tinali na mamodeli atatu: malonda, zilengezo za malilo, na mapulogilamu. Iliyonse inafunika deti imene cinthu cinalembedwa na deti imene cinasinthidwa. Wopanga anangokopela mizele iwiliyo katatu. Pa malonda dzanja linaphonya: m'malo mwa auto_now_add analemba auto_now. Yoyamba imalemba deti kamodzi cabe, koma yaciwili imaisintha nthawi iliyonse mukasunga. Conco tikangokonza sipeling'i ya dzina la shopu, deti imene malonda analembetsedwa inali kusintha. Mayi wina wogulitsa salaula anatitsutsa pa masiku amene analipilila, ndipo tinalibe umboni.

Mankhwala ake alipo kale, ni inheritance, kutanthauza kuti mwana atengela za kholo. Lembani kalasi imodzi, ikanimo mizele iwiliyo, ndipo mu Meta yake lembani abstract = True. Kalasi imeneyi sikhala na tebulo yake mu database. Mamodeli onse otengela kwa iyo amalandila mizeleyo m'matebulo awo. Colakwa cikapezeka, mukonza pamalo amodzi, mucita makemigrations na migrate, nkhani yatha.

Ena amati kukopela n'kofulumila. Inde, lelo. Koma mawa wolemba khodiyo apeza nchito ku Kitwe, ndipo wobwela pambuyo pake ndiye adzatuluka thukuta kufuna-funa colakwa cimodzi m'malo atatu.

Enanso amati inheritance imabisa zinthu. Apa ali na mfundo pang'ono. Mukaiwala abstract = True, Django imapangila kholo tebulo yake, n'kuilumikiza kwa mwana na OneToOneField, ndipo kuwelenga mwanayo kumafuna JOIN. Komanso kholo si dzala lotayilamo zonse: dzina la womwalila lilibe nchito pa malonda a salaula. Koma zimenezi ni zifukwa zophunzilila bwino, osati zothawila.

Django inabadwila ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, ndipo inatulutsidwa kwa onse mu 2005. Anaipanga ni anthu othamanga na nthawi monga ise, conco kutangwanika si cowilingula. Tsegulani models.py yanu madzulo ano. Ngati mzele umodzi uonekela katatu, upezeleni kholo.