Alamu Anandiphera Kamita Kanga

Sabata ino ndabwera ndi uthenga wa maliro, koma musavule zipewa, womwalirayo si munthu ayi. Ndi kamita kanga koyezera ma eriyo, kamene kanatsikira kuli chete ku Nathenje m'manja mwa alamu anga enieni, achimwene awo a mayi a kunyumba.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kale kuti ine matenda anga ndi wailesi. Ena awo ndi bawo, ena mpira, ena kachasu. Ine ndikangoona kawaya katatayidwa pamsewu ndimatola n'kuika m'thumba. Sindidyera pamenepo ayi, ndimadyera mtedza ndi soya amene ndimagula ndi kugulitsa pa Mitundu pano. Zamawailesizi n'zongokonda chabe.

Matendawa anandiyamba ndi wailesi ya Nzeru ya malemu bambo anga. M'chaka cha 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija, ndinakoka waya wautali kuchoka pazenera mpaka mumtengo wa mango kuti tizimva BBC ndi Channel Africa ya m'Chinyanja. Tinkamvera motsitsa mawu, chitseko chotseka, poti masiku amenewo wailesi ya m'dziko muno inali MBC yokha ndipo makoma anali ndi makutu. Titavota pa riferendamu ya pa 14 June 1993 zinthu zinayamba kumasuka. Radio 2 inabwera mu 1997, kanema wa TVM mu 1999, Zodiak mu 2005, ndipo lero ukamapotokola kuchoka pa 87.5 kukafika pa 108 FM, nyumba zoulutsira mawu zachita kuthithikana ngati mabenchi a tomato tsiku la msika.

Koma zaka zonsezo eriyo tinkaimika mongolota. Mwana padenga, bambo pakhomo, mayi pafupi ndi kanema. "Tembenuza! Bwerera pang'ono! Iii wapitiriza!" Mpaka dzuwa kulowa, mwana atapsa mapazi ndi malata. Inu amene mumagulitsa nyemba mukudziwa kusiyana kwa kuyeza ndi maso ndi kuyeza pa sikelo. Ndiye inenso ndinafuna sikelo yanga.

Ndinayamba ndi mita wamba ija akonza mawailesi amakhala nayo, yoyezera mabatire ndi kuona ngati waya waduka m'kati. Kenaka ndinagula kamita kolira kofufuzira dishi, kaja kamati tswiii dishi ikaloza bwino. Koma mtima wanga unali pa kena kotchedwa NanoVNA. Anakayambitsa ndi munthu wina wokonda zamawailesi wa ku Japan, ndipo kanayamba kufala cha mu 2019 a ku China atayamba kukapanga kambirimbiri. Kukula kwake n'kosaposa paketi ya ndudu, koma ntchito imene kamagwira kale inkafuna makina odula ngati galimoto. Mphwanga wa ku Joni ndiye anandigulira, ine nditagulitsa mbuzi ziwiri n'kumutumizira ndalama. Mayi a kunyumba sanandiyankhule masiku atatu.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Kamatumiza timafunde ta wailesi tofooka kwambiri mu eriyo, n'kumawerenga kuti tabwerera tingati. Eriyo ikakhala yoyenerera siteshoni imene ukufuna, timafundeto timalowa bwino ndipo mzere wa pagalasi umatsika. Ikakhala yaitali kapena yaifupi mopitiriza, timabwerera ngati cheke cha munthu wopanda ndalama ku banki. Ndi kamitaka ndinaona ndi maso anga kuti eriyo ya manja awiri yomvera pa 100 FM imafuna dzanja lililonse likhale masentimita pafupifupi 71. Pa 90 FM dzanja litalike kufika 79, pa 105 FM lifupike kufika 68. Chala chimodzi chokha cha waya chimasuntha mzere uja. Ndinadulira anthu ma eriyo kuyambira pa Mitundu mpaka kufupi ndi phiri la Bunda, malipiro ake zikomo ndi chinangwa chootcha.

Tsono mbiri inafika ku Nathenje. Alamu anga ali ndi kagolosale kufupi ndi msewu wa M1, ndipo anaimika eriyo pamtengo wabulugamu wautali kuti makasitomala azimvera mpira. Wailesi inkangoti phwaa ngati mafuta a chipisi. Mu November 2023 anatulukira pakhomo panga.

"Alamu, tabwerekeniko kamakina kanu kaja, mawa lomweli ndibweza."

Ndinati, "Alamu, kameneka n'kovuta, dikirani Lamlungu tipitire limodzi."

Iwo amvekere, "Aaa alamu, ine ndinakupatsani mlongo wanga wathunthu, inu mukundikaniza kabokosi?"

Pamenepo mukanayankha chiyani inuyo? Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo la khitchini, chipande m'manja, akundiyang'ana. Ndinapereka. Ndinawaonetsa poyatsira ndi pomangira waya, basi. Zoti asamale chiyani sindinanene, ndipo kulakwa kwanga kuli pomwepo.

Mawa lija linasanduka sabata ziwiri. Nditatopa ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kukafika ku Nathenje. Ndinakapeza kamita kali pashelefu pakati pa sopo ndi mchere, kopanda chikwama chake. Alamu akuti, "Kali bwinobwino, onani kakuyaka." Kuyaka kankayakadi. Koma nditamangirira kachitsekero kake koyesera, mzere umene umayenera kugona pansi phee unkangodumphadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi njuchi. Nditafunsitsa, anaulula kuti anakamangirira ku eriyo masana ena kukuwomba chimphepo, mitambo itada bii cha ku Nkhoma, ndipo anamva kuti "thee" pang'ono pokha.

Kameneko ka "thee" ndiko kanali imfa yake. Paja mukamavula juzi ya nayiloni usiku nyengo yozizira mumamva kuthetheka, mwinanso kuona timoto. Magetsi omwewo amaunjikana pa eriyo yaitali mphepo youma ikamawomba fumbi, makamaka mvula ikamakonzeka. Mphenzi siichita kufunika kugwa pamalopo. Waya amasunga magetsiwo mwakachetechete, ndipo ukangomangirira kamita, onse amathamangira m'kati mwake, mmene muli tizipangizo tating'ono ngati njere za mapira. Munthu umangomva ngati kakulasa kaminga, koma kamita kapsa.

Ndiye poti wakutsina khutu ndi mnansi, imvani zimene ndinayenera kuwauza alamu tsiku lija, inu amene muli ndi timamita totere kapena mumatigulitsa.

Musanamangirire waya wa eriyo ku mita ina iliyonse, yambani mwamutaya magetsi. Tengani sikuludiraiva ya chogwirira chapulasitiki, mugunditse kawaya kapakati ndi chitsulo chakunja kwa pulagi nthawi imodzi, ndipo ngati pali chitsulo chokhomedwa m'nthaka mugunditsenso pamenepo. Ndi ntchito ya masekondi awiri. Koma kukamagunda kapena kung'anima, siyani zonse, musakhudze waya, musakwere mtengo. Eriyo muzichotsa ku wailesi ndi ku kanema mitambo ikangoyamba kuda, mvula isanafike. Kamita kena mudzagula ku Joni, koma inuyo sitidzakugulani kulikonse.

Chachiwiri, dziwani chimene chili mu waya musanamuyeze. Waya wa dishi amanyamula mavolti 13 kapena 18 kuchoka mu dikoda kupita ku kamutu ka padishi kaja. Mavoti a chisankho amakweza munthu, koma mavolti awa amagwetsa mita. Kamita kolira kofufuzira dishi kanapangidwira magetsi amenewo, ndiwo chakudya chake, komabe pokamangirira ndi pokachotsa zimitsani dikoda, chifukwa kawaya kapakati kakagundana ndi kakunja mukhoza kuotcha dikoda ya eni ake. NanoVNA isayandikire n'komwe waya wa dikoda yoyaka.

Chimodzimodzinso ma wailesi a m'manja aja amanyamula alonda. Pali kamita kena kotchedwa tinySA koonera mafunde amene ali mumlengalenga. Malire a mphamvu imene kangalandire ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a wati imodzi. Wailesi ya mlonda imatulutsa mpaka mawati 5, kutanthauza kuwirikiza ka 500. Kulumikiza ziwirizi mwachindunji kuli ngati kukweza matumba a chimanga a mulole yonse pa sikelo yoyezera tomato. Pamafunika kachipangizo kochepetsa mphamvu pakati. Ndipo poti tatchula zoulutsa mawu, kumbukirani kuti kumvera ndi kuyeza eriyo n'kwaulere, koma kuulutsa kumafuna chiphaso cha MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Amene amaulutsa mongokonda ali ndi chiphaso amapatsidwa dzina lapamphepo loyamba ndi 7Q, chimene ndi chizindikiro cha Malawi padziko lonse.

Chachitatu ndi mita wamba ija. Imene yafa kwambiri m'manja mwa anzanga yafa chifukwa cha changu. Munthu wayeza waya ngati waduka, waiwala kutembenuza kagudumu, n'kukalowetsa timiyendo m'soketi ya ESCOM ya mavolti 230. Phuu! Ukachita mwayi yapsa fyuzi yokha. Ndiye wina m'malo mogula fyuzi ina amakulungapo pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Ameneyo tsiku lina adzapsa dzanja. Yang'anani kagudumu kawiri musanagunditse. Kanema wakale wachimimba uja amasunga magetsi oopsa ngakhale mutamuzimitsa, ngati simunaphunzire musamutsegule.

Chachinayi ndi kasungidwe, ndipo apa adani ake mukuwadziwa poti ndi omwe amakuonongerani katundu. Fumbi la mu October, chinyezi cha mu January, mphemvu, ndi mchere ngati uja anaikapo alamu. Kanga katsopano kamagona m'kontena yapulasitiki yotsekeka bwino, yoyalamo siponji, limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'makatoni a nsapato. Inu ogulitsa nsapato mumangotitaya, tisungireniko. Batire ya 9 volti muzichotsa mu mita ngati simuigwiritsa ntchito mwezi wathunthu, ikatha imadontha n'kudya tizitsulo. Timamita totchaja tisasiyidwe padzuwa kapena kutsogolo kwa minibasi pagalasi, batire yake imafufuma. Pomangira waya pa NanoVNA mpang'ono ndipo mazinga ake sachedwa kutha, ndiye mangani ndi zala, pulayala ayi. Ine ndinamangirirapo kachilumikizo kena kokhalira pomwepo, kuti kakatha ndizisintha iko m'malo mwa kamita konse.

Koma chachikulu pa zonse ndi ichi. Mita yakufa yosayaka ilibe vuto, umaitaya. Yoopsa ndi yoyaka koma yonama, ngati ija ndinaipeza ku Nathenje. Alamu anali atadula kale eriyo yawo katatu potsatira bodza lake, mpaka inatsala ngati ndodo yotakasira thobwa. Inu a sikelo mukudziwa chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo, ndipo wamalonda wanzeru amayesa yake m'mawa ndi paketi ya shuga ya kilo imodzi. NanoVNA imabwera ndi tizitsekero titatu toyesera, kotseguka, kotseka, ndi ka ma ohm 50. Timeneto ndiye paketi yake ya shuga. Musanakhulupirire zimene kakukuuzani, kayeseni kaye ndi timeneto, ndipo musatitaye ngakhale tikuoneka ngati mabatani a malaya. Mita wamba iyeseni pa batire yatsopano, iwerenge pafupifupi volti imodzi ndi theka, kenaka mugunditse timiyendo take tiwiri muone ngati ikulira.

Inu amene mumagulitsa ma eriyo, mawaya ndi madikoda mumsika wa Lilongwe, kamita wamba kakhale pabenchi. Yezani waya pamaso pa kasitomala, aone yekha kuti sanaduke m'kati ndiponso kuti kapakati sikakugundana ndi kakunja. Munthu wochokera ku Mitundu akafika kwawo n'kupeza waya ndi wakufa, ndalama ya minibasi yobwerera imaposa mtengo wa wayayo. Sabweranso, koma dzina la benchi yanu alifalitsa mudzi wonse.

Nanga mlandu wa alamu unatha bwanji? Poyamba anakana, amvekere kanali kofooka kale, zinthu za masiku ano n'zosalimba. Tinakhala osayankhulana mpaka Khirisimasi inadutsa, mayi a kunyumba ali pakati ngati chingwe chokokerana. Apongozi ndiwo anatiitana n'kutikhazika pamphasa. Anati, "Inu atsibweni a ana, mwaononga chinthu cha eni, lipirani. Inunso bambo, munapereka mpeni kwa munthu osamuuza mbali yakuthwa." Tinagawana pakati. Alamu analipira mbali yawo ndi mtedza atakolola, ine ndinagulitsa mbuzi ina imodzi. Chibale ndi fupa, sichiola, koma mbuzi zanga zitatu zapita.

Katsopano katafika ndinapita nako ndekha ku Nathenje tsiku lopanda mtambo. Tinatsitsa mtengo uja, tinapeza kuti vuto silinali eriyo n'komwe. Madzi amvula anali atalowa mu waya pamwamba pomwe sanamate, mkuwa wonse utachita dzimbiri lobiriwira. Tinasintha waya, tinadula eriyo ina, tinamata ndi tepi, ndipo pano mpira ukumveka mpaka tsidya la msewu.

Lamulo langa tsopano ndi limodzi, ndipo ndalilemba pachivundikiro cha kontena: kamita kakapita, mwini wake apita nako. Wofuna kuyezeredwa eriyo andilipirire kabaza ndi botolo la Fanta. Dzulo lomweli alamu atumiza mwana kudzabwereka chowotcherera mawaya. Ndamuuza kuti akawauze ndikubwera nacho Lamlungu.

Tionana sabata yamawa, malonda akuyendereni bwino.