ZA UMOYO: Cinsinsi ca Mwazi wa Khanda

Pa cipatala ca ana ca Arthur Davison ku Ndola, ndiponso pa cipatala cacikulu ca ku Kitwe, pamafika makolo ndi ana odwala matenda a sickle cell. Ambiri amadabwa kuti mwana anabadwa wamphamvu, koma atakwanitsa miyezi ngati 6 anayamba kutupa manja ndi mapazi, kulira ndi ululu ndi kucepa mwazi. Kumudzi ena amathamangira kunena kuti walodzedwa. Koma cifukwa cake cili m'mafupa.

M'mafuta a m'mafupa muli maselo amene ali ngati mbeu, pakuti ndiwo amabala mwazi wonse. Mwana akali m'mimba, maselowa amapanga hemoglobini ya ukhanda, imene siipinda maselo ofiira. Selo likafuna kupanga cinthu, malangizo ake amatuluka m'majini ndi kunyamulidwa ndi mthenga wochedwa RNA. Pali puloteni ina, LIN28B, imene imagwira amithenga otere. M'caka ca 2020 akatswiri a ku Boston anaonetsa kuti imagwira mthenga wa puloteni yochedwa BCL11A, kuti isapangidwe yambiri.

Mwana akabadwa, LIN28B imacepa ndipo BCL11A imacuruka. Nchito yake ndiyo kutseka jini ya hemoglobini ya ukhanda, monga munthu atseka nkhokwe cimanga cikali momwemo. Tsono thupi limayamba kupanga hemoglobini ya akulu. Mwa mwana amene analandira jini ya matendawa kwa atate ndi kwa amai, hemoglobiniyo imapinda maselo ngati cikwakwa, ndipo amatsekereza mitsempha.

Popeza jini ija ingotsekedwa osati kufafanizidwa, ikhoza kutsegulidwanso. Mankhwala a hydroxyurea amacurukitsa hemoglobini ya ukhanda ndi kucepetsa ululu. M'caka ca 2023 dziko la Britain linavomereza cithandizo ca Casgevy, cimene cimafooketsa BCL11A m'maselo a mbeu aja, koma mtengo wake ngwoposa cimene banja wamba lingakwanitse.

Cotero bambo asamuda mai, ndipo mai asamuda bambo. Onse awiri akakhala ndi jiniyo, mimba iriyonse ili ndi mpata umodzi mwa 4 wakuti mwana adwale. Makolo ayenera kupimitsa mwazi wa khanda msanga, kumgoneka m'neti poopa malungo, kummwetsa madzi okwanira, ndi kufulumira naye ku cipatala thupi likangotentha.